Ngodya Yachinayi

Ku malayini a esiteti,
Kupitirira Makwasa,
Thyolo.
Lamulungu, mwezi wa Novembala.

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse moyo wanu. Mukudzuka bwanji kumeneko ndi mwendo uja unkakuvutani nthawi yokolola? Kodi kutupa kunaphwa, kapena mukuyendabe ndi ndodo? Ine kuno ndilipo, Mulungu akusunga. Chifuwa chinandigwira mvula itangoyamba, koma tsopano chikupepuka.

Kalatayi ndapatsira a Angella, anzanga ogona nawo chipinda chimodzi, amene akupita kuboma mawa. Ndawapempha kuti aipereke m'manja mwa achemwali a Ester, osati mwa munthu wina. A Ester, muwawerengere amayi muli awiriwiri, kaya kudimba kaya kuseri kwa khola. Musapatse alamu a Dan ngakhale amawerenga msanga, ndipo amalume asaimve. Pa foni ya amalume sindikanatha kunena zimenezi, chifukwa iwo amakweza mawu a foni kuti khonde lonse limve.

Za kuno ndi izi. Mvula yoyamba yagwa, tiyi waphuka, mapiri onse abiriwira. Chipinda chathu chikudontha cha pomwe ndimayala mphasa, moti ndimatchera beseni kumiyendo. Tinakanena kwa akapitawo, anati amva. Makoswe anaboola chitenje changa cha kwaya chija munandipatsa, ndasoka koma chigamba chikuoneka. Izi ndi zazing'ono, musade nazo nkhawa.

Miyezi yapitayi sindinali kothyola tiyi. Kunabwera anthu oyeza malire a maesiteti ndi minda ya m'midzi, chifukwa cha mikangano ija mumaidziwa. Ankafuna munthu wogwira tepi. Akapitawo analoza ine, nati tengani uyu, mukamuimika penapake mudzamupeza pomwepo ngakhale mawa, ndipo sayankha munthu. Anzanga anaseka. Ine ndinangotula dengu, ndi kuwatsatira.

Woyeza wathu ndi mayi wa ku Blantyre, a Miriam. Ndi aang'ono thupi, ndipo amavala jombo zazikulu kuposa miyendo yawo. Palinso a Hopeson, bambo wa nthabwala, amene amakoka tepi ndi kukhoma zikhomo. Ine ndimagwira kumapeto kwa tepi komwe kuli zilo, ndiye anandipatsa dzina loti Mayi Zilo. M'mawa uliwonse amafunsa ngati Mayi Zilo adzuka ndi mawu lero, kapena tiyembekezere sabata ya mawa. Alibe mtima woipa, amandisungira chinangwa chootcha. Pambuyo pathu pamabwera gulu lina lodzaika miyala ya simenti pomwe ife takhoma zikhomo.

A Miriam ali ndi kakyuleta, koma si ngati ija ya m'golosale ayi. Ndi yaitali, yodzaza mabatani, ndipo kumtunda kwake ili ndi galasi lalikulu ngati la foni. Akuti anayamba nayo ali kusukulu ya ukachenjede. Amaikulunga m'jumbo ya shuga kuopa mvula, ndipo a Hopeson amati imeneyo ndiye bwana weniweni, ife tonse ndi aganyu ake.

Ntchito yake imayenda chonchi. Woimira banja amaloza ngodya za munda, wa kwa amfumu ndi wa ku esiteti akuonerera. Ine ndimagwada pa ngodya yoyamba, chala pa zilo. A Hopeson amayenda ndi tepi mpaka pa ngodya yachiwiri, ndi kufuula mamita. A Miriam amalemba nambalayo m'kakyuleta, kenako amadina batani losungira ndi kuipatsa chilembo. Mbali yoyamba imakhala A, yachiwiri B, yachitatu C. Nambala ikalowa m'chilembo chake imakhala momwemo ngati chimanga m'nkhokwe. Ngakhale azimitse kakyuletayo, mawa akayatsa aipeza.

Zikakwana, kakyuleta imajambula mundawo pagalasi, kamunda kakang'ono ka mizere yakuda, ndi kunena kukula kwake. Tsiku loyamba ndinakumbuka thirayango ija tinkajambula pamchenga ku Sitandade 4. Sindinkadziwa kuti munthu angadyere zimenezo. Munda ukakhala wa ngodya zitatu, ntchito imatha msanga. Ukakhala wa ngodya zinayi pamabwera D, ndipo timakokanso tepi modutsa pakati kuti munda ugawike mathirayango awiri. Dimba lina linali lozungulira ngati lichero, tinaliikira ngodya zambirimbiri mpaka a Hopeson anati zilembo zitha, tikabwereke za Chilomwe. Tsiku lina a Miriam anandilola kudina batani losungira. Ndinadina, nambala inalowa.

Koma Amayi, tepi sikhota. Kuchokera pa ngodya kufika pa inzake imangowongoka, ndipo kakyuleta imajambula momwemo. Munda ukakhala ndi kachigawo kotulukira kunja, mwini wake akapanda kuikapo ngodya, kachigawoko kamadulidwa. A Miriam amati kakyuleta ilibe maso, imangodziwa zimene waiuza.

Mwezi watha tinali m'mudzi wina kuseri kwa fakitale. Munda unali wa mayi ena, a Margret, koma woloza ngodya anali achimwene awo, monga mwini mbumba. Analoza zitatu. Kumunsi, cha kumtsinje, kunali kamalo ka udzu wautali komwe khasu silinapiteko kwa nthawi. A Miriam anafunsa ngati pamenepo ndi pamunda pomwe. Bamboyo anaseka, nati ndi tchire chabe, azimayi a masiku ano khasu limawalemera, iwo sangakangane ndi esiteti chifukwa cha udzu. A Margret anali chiimire patali ndi akazi anzawo. Ndinawaona atagwira chitenje pakamwa. A Miriam anadina batani, C inalowa, ife tinapita pamunda wina.

Patapita masabata, simenti itauma kale, a esiteti anatumiza anthu kukakumba maenje a bulugama m'mbali mwa malire atsopanowo. Ife tinali kuyeza tsidya lina la mtsinje womwewo. Tinangomva kufuula. Titathamangirako tinapeza amuna ataima mozungulira, makasu ali pansi. Khasu la mmodzi linali litatukula nsanza ya chitenje, posazama nkomwe, ndipo m'nsanzamo munali timafupa, tating'ono ngati ta nkhunda. Wina ankati ndi zithumwa, aitane abusa. A Hopeson, omwe pakamwa pawo sipatseka, anangovula chipewa. Akazi tonse tinali titadziwa kale. Anali mwana wa nthayo, wobadwa atapita kale.

A Margret anabwera akuyenda pang'onopang'ono. Sanalire, pakuti nthayo saililira. Anagwada, natola zonse ndi manja, nakulunga m'chitenje chomwe anavala pamwamba. Achimwene awo anayamba kukalipa, akuti bwanji simunanene tsiku lija, taonani mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Mayiwo anangofunsa mofatsa kuti kodi achimwene, zimenezi tinayamba liti kuuza amuna? Ndinamva pambuyo pake kuti mwanayo anali wa mwana wamkazi wa a Margret. Mtsikanayo anali pomwepo m'gulu la akazi, ndipo kufikira tsiku limenelo sankadziwa kuti ndi pamenepo.

A Miriam anakhala pamwala, natulutsa kakyuleta. Manambala a mundawo anali momwemo. Anawonjezera ngodya yongoyerekeza kuti aone, ndipo kamalo konseko sikanapose bwalo la pakhomo pathu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaikulunga m'jumbo, nati tiweruke. A ku ofesi anapepesa, koma anati mapepala a malire anapita kale, zosintha ndi nkhani yaitali. Dzenje limenelo analikwirira osabzalamo kanthu. Wodutsa lero amaona mzere wa timitengo, ndi mpata umodzi pakati ngati pochoka dzino.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chikumandiima pakhosi. A Angella anaumirira kuti ndi malungo, ndikayezetse. Ndinapita kuti asiye kundiuza. Malungo sanapezeke.

Ndiye sabata yatha, tikupinda tepi, a Hopeson anati kuno atsala pang'ono kumaliza, mwezi wa mawa usanafike pakati akhala kwa Nchilamwela, cha kwathu komweko. Anati Mayi Zilo alembere kwawo awakonzere nkhuku, ndipo anene kuti iwo amadya nthutumba, za mapiko apatse a Miriam. Ankayembekeza kuti ndiseka. Ine ndinangopitiriza kupinda tepi.

Munda wathu ndauyenda m'mutu kambirimbiri kuyambira pamenepo. Woloza adzakhala amalume a Fackson. Adzayambira pa mango wa kunjira. Adzapita pachulu. Adzatsikira pamwala waukulu uja timaanikapo makaka. Ngodya zitatu. Ndipo tepi ikadzakokedwa kuchokera pachulu kufika pamwala, kamalo ka kumunsi kaja, kotsikira ku nthochi za agogo kumtsinje, kadzatsala kunja, mbali ya esiteti. Ndi kamene inu ndi amayi aang'ono a Ellen munasiya kulima dzinja lija. Amalume anakalipa kuti mukuwononga malo, inu munati pali miyala yambiri, makasu akubuntha. Iwo anakhulupirira, ndipo mpaka lero akudziwa choncho.

Sindinalankhulepo za dzinja limenelo, ndipo inu munandiuza kuti ndisalankhule. Mundikhululukire kuti ndalemba. Ndikukumbuka mvula padenga, ndi mlatho utakokoloka moti kuchipatala sitinafike. Ndikukumbuka ndikudikira kulira kwa mwana, osakumva. Munandiphimba kumaso ndi nsalu. Munati atayika ndi madzi, mtsuko ulipo, ndisalire kuopa kutseka njira ya ena obwera m'mbuyo. Sindinalire. Sindinafunse ngati anali mwamuna kapena mkazi. Mkaka unabwera wokha, inu munandimanga pachifuwa ndi chitenje. Amuna anga aja, a Jacob, anadikira mwezi, kenako anatenga njinga yawo nabwerera kwawo, ndipo za iwo ndilibe nazo mawu.

Koma m'mawa wotsatira kubereka kuja, mukusamba m'manja pakhomo ndi a Ellen, munalankhula Chilomwe kuti ndisamve. Chilomwe changa ndi chochepa, koma mawu oti mwala ndi oti nthochi ndimawadziwa. Ndipo kumunsiko kutasiyidwa osalima, sindinasowenso wondiuza. Ngati munkadabwa kuti bwanji potunga madzi ndinkazungulira njira ya kumtunda, chifukwa chake ndi chimenecho.

Ndinatha masiku ndikufuna kufunsa a Miriam. Lachisanu mvula inatipeza kumunda, tinabisala awiri m'shedi yoyezera tiyi, iwo akusintha mabatire a kakyuleta. Ndinafunsa maso ali pa jombo zawo, kuti kodi munthu akaiwala ngodya, nambala yosungidwa kale ingatuluke? Anadabwa, nati kani Tione uli nawo mawu. Kenako anandionetsa. Analemba nambala ina, nadina batani losungira, naipatsa C yomweyo. Yakale ija inachoka pomwepo, osasiya ndi chipsera chomwe. Anati m'kakyuleta kusintha n'kosavuta chonchi. Chovuta ndi simenti ikauma, mapepala atapita.

Atatero anandiyang'ana, nafunsa motsitsa mawu ngati kwathu kuli kamalo ngati ka a Margret. Ndinavomera ndi mutu. Sanafunse kuti ndi wa yani. Anati iwo paokha sangawonjezere ngodya, a esiteti angati akukondera ndipo zonse zingakanidwe. Ngodya aloze mwini munda, pamaso pa onse. Koma mwini munda ndi inu, Amayi, pakuti unachokera kwa agogo, amalume amangotiyang'anira. A Miriam anati mizere yakale ikamaoneka pansi pa udzu, pali ndi nthochi zobzala munthu, umenewo ndi umboni wokwanira, chifukwa china iwo sadzafunsa. Analonjeza kuti pamunda pathu adzafunsa mokweza, kawiri, ngati pali ngodya ina, ndipo adzadikira asanadine batani. Kupitirira apo alibe mphamvu.

Ine sindidzakhalapo. Ndine wa esiteti ino, anangondibwereka, ndipo oyeza akachoka ndibwerera ku dengu. Nyengo ino ya tiyi wambiri akapitawo sapereka tchuthi pokhapokha pa maliro. Ndinaganiza zokanena kuti ndi maliro. Koma akanafunsa kuti a yani, ndikanati chiyani?

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku limenelo musatsale pakhomo kuphikira alendo, a Ester adzaphika. Mupite kumunda, mutenge a Ellen. A Miriam akadzafunsa, inu mutsikire kumunsiko, muime, munene kuti munda wa amayi anga umafika pano. Basi. Simudzatchula chimene chili pamenepo, mwambo sudzasweka. Amalume akadzati ndi tchire, muwalozere nthochi ndi kuwafunsa kuti anabzala ndani. Amakalipa inde, koma nthochi za amayi awo sangazikane pagulu.

Chimodzi musaiwale, ndipo a Ester apa muwerenge kawiri. Pamene munthu waima ndi pamene a Hopeson amakhoma chikhomo, ndipo chikhomocho n'chachitsulo, chachitali ngati mkono. Musaime pamwamba pa pomwe munamuika. Mupitirire, muime kuseri kwake cha kumtsinje, kuti tepi ikamakokedwa kuchokera kuchulu ndi kumwala, iye atsale mkati. Ndikudziwa kuti munamuika posaya kuti mimba yanga isatsekeke, ndipo ndikuthokoza. Koma n'chifukwa chake khasu la okumba maenje silingachedwe kumupeza.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wolemera. Inunso simunazolowere kutsegula pakamwa amuna ali pamenepo, ndipo kusalankhula kwangaku ndinayamwira kwa inu. Koma ndinu munkandiuza, ndikabwera kusukulu anzanga atandilanda pensulo, kuti chetechete sautsa nyama. A Margret anakhala chete monga mwa mwambo, ndipo anadzanyamula mdzukulu wawo m'chitenje, amuna akuona. Sindifuna kuti zimenezi zikuonekereni inu. Sindifuna kuti zimuonekere iye.

Malo enieni sindikufunsa, musandiuze. A Miriam anati akadzamaliza adzajambula galasi la kakyuleta ndi kutumiza pa foni ya a Angella. Ndikadzaona munda wa ngodya zinayi, D ili pambali pake, ndidzadziwa kuti ali m'munda mwa agogo ake, ndipo chakudya chidzatsika. Ndikadzaona thirayango, ndidzadziwanso.

Mundiperekere moni kwa amalume a Fackson ndi azakhali, muwauze kuti ndili bwino ndipo ntchito ikuyenda. Moni kwa amayi aang'ono a Ellen, kwa alamu a Dan, ndi kwa adzukulu anu onse, aziwerenga asamangothamangitsa mbuzi. A Ester, zikomo powerenga, ndipo mukamaliza kalatayi muiike pamoto. Moni kwa anzanga a kwaya, andisungire malo anga kumbuyo kuja.

Watsala mmodzi amene mwambo sulola kumupatsa moni. Ameneyo, Amayi, mungokamuimira kuseri.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mwana wanu,
Tione.